Sutikesi ya Achimwene Yochokera ku Bulawayo

Ana anga, mundikhululukire kuti munthu ngati ine, amene sukulu yake inathera pa Sitandade 6 ya kumudzi, ndalimba mtima kugwira cholembera ngati wolemba mabuku. Moyo wanga wonse ndadinda makalata a anthu ena. Mawu angaanga sindinazolowere kuwaika papepala. Pamene ndalakwitsa mukonze nokha mwakachetechete. Chimene chandidzutsa ndi wailesi. Zaka zapitazi ndakhala ndikumva kuti azungu a ku Mangalande akukangana okhaokha chifukwa anatuluka m'mgwirizano wa malonda umene anali nawo ndi mayiko anzawo, ndipo katundu akuchedwa pamalire chifukwa cha mapepala. Ena akuti kutulukako kunali bwino, ena akuti kunali kudzipweteka. Ndikamva zimenezi ndimatseka wailesi, chifukwa mkangano umenewo ndinaumva kale kuno ku Domasi, pakhonde la amalume anga, ndipo pali chimene ndinachita pakati pake chimene sindinakuuzenipo.

1962

Ntchito yanga yoyamba inali ya ukalaliki pa positi ofesi yaing'ono ya m'dera lathu lino. Tinalipo awiri okha: ine ndi bwana wanga, a Namaona, munthu wamtali, wa ndevu zometa bwino, amene ankafika kuntchito dzuwa lisanatenthe n'kuyamba kupukuta okha sikelo. Anandiphunzitsa kuti chinthu choyamba m'mawa, ndisanasese n'komwe, ndizisintha tsiku pa chidindo. "Tsiku lolakwika pa kalata ndi bodza lodindidwa, Yohane," ankatero. Ndinali wamanyazi kwambiri. Mayi akafika pawindo kudzagula sitampa ndinkayang'ana zala zake, osati nkhope. A Namaona ankandiseka, koma sanandikalipirepo pamaso pa anthu, ndipo ndinkafunitsitsa kuti tsiku lililonse aweruke ali okondwa nane.

Amene anandipezera ntchitoyo anali amalume anga, a Likoswe, mlongo wawo wa amayi, mwinimbumba wathu. Anali telala pa Songani. Anakhala ku Bulawayo zaka makumi awiri, ndipo anabwerako ndi makina osokera ndi pakamwa posabisa mawu. Iwo ndi a Namaona anali pa chinzake chenicheni. Loweruka lililonse tikatseka ofesi masana tinkapalasa njinga kupita pa Songani, awiriwo n'kukhala pakhonde la shopu kusewera bawo mpaka mithunzi ya mibawa itatalika. Ankanamizirana kuba njere, ankatchulana maina a ubwana, ankagawana chinangwa chootcha. Ine ndinkakhala pambali ndikungosekerera. Ndakhala m'maofesi ambiri pambuyo pake, ku Ntaja, ku Mwanza, ku Nsanje kotentha kuja, pansi pa mabwana abwino ndi oipa, koma maloto akamandibwezera kumbuyo amandifikitsa pakhonde limenelo.

Achimwene anga, a Fulederiki, ankagwira ntchito pa fakitale ya mabulangete ku Bulawayo komweko. Ndinawaona komaliza ndili ndi zaka khumi ndi zisanu, nditatsala pang'ono kuyamba ntchito, atabwera kutchuthi, akukwera basi pa Songani. Ndiwo ankatumizira amalume ulusi, mabatani, mazipi ndi nsalu ya kaki. Masiku amenewo paselo ya ku Bulawayo inkafika ngati yachokera ku Limbe, popanda pepala lina lililonse. Atamva kuti ndalembedwa ntchito, anayamba kulemba pangodya ya paselo iliyonse ndi pensulo kuti, "Moni akalaliki," podziwa kuti woyamba kuigwira ndine.

Januwale 1964

Inu munabadwa Chitaganya chitatha kale, ndiye ndifotokoze. Dziko lathu analimanga pamodzi ndi ma Rhodesia awiri pansi pa boma limodzi la azungu, ife tisakufuna. Katundu ankayenda pakati pa mayiko atatuwo ngati mulibe malire. Chitaganyacho chinatha pa 31 Disembala 1963, ndipo anthu anavina. A Namaona anabwera kuntchito atavala tayi yatsopano. Iwo anali ndi chifukwa chawo: anagwira ntchito ya positi zaka zambiri, koma kangapo konse anawaikira pamwamba pawo tianyamata ta chizungu tochokera ku Halale timene iwo omwe ankatiphunzitsa ntchito.

Pasanapite nthawi kunabwera chikalata chochokera ku likulu. Chinati paselo yochokera ku Rhodesia tsopano ndi katundu wakunja. Iyenera kukhala ndi fomu ya kasitomu yonena zimene zili m'kati. Anthu athu kumeneko sanadziwe msanga, anapitiriza kutumiza monga kale, ndipo mapaselo anayamba kuunjikana m'tauni. Ulusi wa amalume unali m'gulu limenelo, ndipo inali nthawi yotsegulira sukulu, makolo atasiya kale miyeso ya mayunifolomu. Loweruka lina bawo ili mkati amalume anayamba ngati nthabwala.

"A Namaona, ulusi wanga uli kuti?"

"Uli m'njira, a Likoswe. Dziko likubadwa ili, pirirani."

"Likubadwa, ndiye ana asukulu ndiwasokere ndi luzi?"

Tonse tinaseka. Koma amalume anapitiriza, nati mazipi kulibe, singano za makina zatsala ziwiri, amwenye a mu Zomba akubisa nsalu pansi pa kauntala. A Namaona anasiya kuseka.

"Inu munakhala kumeneko zaka makumi awiri mukugulira nyama pawindo la kuseri ngati galu. Lero mukulira mabatani?"

"Pawindo ndinagulirapo, ndipo kuwawa kwake ndikukudziwa kuposa inu amene munangomva. Ufulu ndikuufuna nanenso. Koma ana athu ali kumeneko, mudzi uliwonse uli ndi wake. Mwatseka chitseko musanayang'ane amene atsala panja."

"Chitsekocho chinali cha ndende. Mumafuna tichisiye pululu chifukwa cha zipi?"

"Ndimafuna muganizeko za munthu wa singano musanavine."

"Mawu amenewo ndi a akapirikoni," anatero a Namaona.

Ana anga, masiku amenewo kapirikoni linali dzina la munthu wogulitsa dziko kwa azungu, ndipo anthu ankawotcheredwa nyumba chifukwa cha dzina limenelo. Pakhondepo panali anthu ena odikira zovala zawo, ndipo anamva. Amalume anatola njere za bawo imodziimodzi n'kuziika m'chitini. Kenaka anatembenukira kwa ine. "Iwe Yohane, ukuti bwanji?" A Namaona nawo anandiyang'ana. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti onse awiri akunena zoona. Palibe amene anakondwa nalo yankho limenelo. Loweruka lotsatira ndinapalasa ndekha kupita pa Songani, ndipo ndinapeza bawo itatsamira kukhoma, yotembenuza.

Malichi mpaka Juni 1964

Matelegalamu tinkawalandira pa lamya n'kuwalemba pamanja. Tsiku lina m'mawa mu Malichi lamya inalira a Namaona ali panja, ndinayankha ndine. Ndinalemba mawu onse bwinobwino monga anandiphunzitsira, chilembo ndi chilembo, ndipo ndinafika kumapeto ndisanazindikire kuti Fulederiki amene wamwalira ndi chibayo, amene anzake amuika kale m'manda ku Bulawayo, ndi achimwene anga. A Namaona atalowa anawerenga pepalalo ali chilili, nandipatsa njinga yawo chifukwa inali yothamanga kuposa yanga.

Tinalira maliro opanda mtembo. Kwathu, munthu akafera kutali, chimene chimabwera kunyumba m'malo mwa thupi lake ndi katundu wake. Katunduyo satsegulidwa ndi munthu wamba, ndiponso satsegulidwa pamalo achilendo. Amatsegula ndi mwinimbumba, pabwalo, abale a mbali zonse ziwiri ali pomwepo. Akagawa zovalazo, m'pamene mkazi wamasiye amasudzulidwa, ndiko kuti amamasulidwa ku ukwati wa malemuyo: amavula duku lakuda, amayambanso kupita kumsika ndi kukwaya, ndipo akafuna kukwatiwanso palibe womuletsa. Tinali anthu a tchalitchi, amalume anali mkulu wa mpingo, koma mwambo uwu makolo athu anabwera nawo kuchokera ku Mozambiki ndipo palibe ankaganiza zoudumpha. Alamu anga, a Esinati, anali mtsikana wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndi mwana mmodzi kumsana. Anayamba kudikira.

Sutikesi inafika mu Epulo. Anzawo a achimwene anaisokera m'saka n'kulemba dzina la amalume ndi utoto, koma fomu ya kasitomu sanaikepo. Inabwera ndi kapepala kofiira kochokera m'tauni: mwini dzina abwere yekha, aitsegule pamaso pa mkulu wa positi ofesi, zonse za m'kati zilembedwe, ikafika kumapeto kwa Juni isanatengedwe, ibwezedwe kumene yachokera. Ndinaikweza pashelefu ya pamwamba, kumbuyo kwa mpando wanga. Miyezi iwiri ndi theka ndinagwira ntchito ili pamwamba pa mutu wanga.

Ndinasanduka mtumiki pakati pa akuluakulu awiri osalankhulana. Amalume anati, "Kamuuze bwana wakoyo kuti mwana wa mlongo wanga sindikamuvula pakauntala pogulitsira masitampa. Kale akanabwera kunyumba osafunsidwa ndi munthu. Ufulu wawo ndi umenewu, wopisa m'matumba mwa akufa?" Ine pokafika ku ofesi ndinangoti amalume akupempha chifundo. A Namaona anati, "Kawauze kuti lamuloli si la azungu, ndi lathu. Ndikaliphwanya ine mwezi wachinayi wokha, nanga ena atani? Komanso anthu akudziwa zimene amalankhula amalume akowo. Ndikawakondera, mawa dzina lija lili pa ine." Ine pokafika pa Songani ndinangoti bwana akuganizirabe. Ndinkachotsa minga m'mawu onse, ndipo mwina ndi chifukwa chake palibe amene anamva kupweteka kwa mnzake.

Tsiku lina mu Meyi alamu anabwera pawindo, duku lakuda kumutu. Munthu wamasiye sankayenera kuyendayenda, choncho ananamizira kugula sitampa, ngakhale analibenso womulembera kalata. Maso awo anali pashelefu.

"Alamu, ndi imeneyo?"

"Ndi imeneyo."

"Yaing'ono chonchi?" Kenaka anati, "Mwana akuyamba kuyenda. Amayi anga akuti ikabwerera ku Bulawayo ndiye kuti ine ndikalamba ndi duku limeneli. N'zoona, alamu?"

Ndinati sibwerera. Ndinanena ndikuyang'ana zala zawo, ndisakudziwa kuti ndichita chiyani.

Loweruka lomaliza la Juni 1964

Thumba lobweza katundu linkanyamuka Lachiwiri. Loweruka lake, titatseka chitseko masana, ndinaima pamaso pa a Namaona manja kumbuyo.

"Bwana, amalume mwendo wawatupa. Andituma kuti ndiimire m'malo mwawo."

"Anena okha a Likoswe?"

"Eya, bwana."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Zaka ziwiri ndinali ndisanawanamizepo ngakhale pa sitampa imodzi. "Ndiye aona tsopano kuti lamulo ndi lathu," anatero, mawu awo atafewa. "Tsitsa."

Ndinadula msoko ndi lumo n'kutsegula. Chinayamba kutuluka ndi fungo: sopo wa achimwene, fodya wawo, ndi fumbi la ubweya wa kufakitale. Ndinkatulutsa chimodzichimodzi, a Namaona akulemba. Jekete yakuda. Malaya atatu. Mathalauza awiri. Bulangete. Buku la nyimbo. Nsalu ya maluwa imene inali isanadulidwe. Pansi penipeni, zokulunga m'nyuzipepala, panali nsapato zachikopa zatsopano, zosapondapo pansi. M'kati mwa imodzi munali kapepala ka pensulo: "Za akalaliki, asamapite kuntchito ndi zamatayala."

Ndinakhala pansi pasimenti. A Namaona anatenga kapepalako, anawerenga, nakabwezera m'nsapato momwe munali. Katundu watsopano ankayenera kubwereranso m'tauni kukamuikira msonkho, ndipo zimenezo zikanadya mwezi wina. Ndinawaona akuviika cholembera mu inki n'kulemba kuti, nsapato zakale, nsalu yakale. Anadinda, nasaina, natembenukira kukhoma n'kumakonza kalendala imene inali yowongoka kale. "Longedza," anatero. "Ukawauze a Likoswe kuti ndapepesa maliro."

Ndinabwezera zonse monga zinalili. Ndinatenga singano yaikulu ndi chingwe chimene tinkamangira matumba a makalata, n'kusoka sakalo ndikulondola mabowo akale omwe. Ndinalimanga pakaliyala ya njinga mpaka pa Songani.

"Amalume, bwana alola kuti ituluke osatsegula. Akutinso apepesa maliro."

Amalume anaimitsa makina. "Namaona? Walola?" Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi kansalu. "Ndiye kuti mtima akadali nawo munthu uja. Tikamaliza mwambo ndipita ndekha kukamuthokoza." Sanaigwire sutikesiyo, pakuti nthawi yake inali isanakwane. Anandiuza kuti ndikaiike m'nyumba mwa amayi. Ndinapalasa kupita kumudzi ndikudziuza kuti ndachita bwino: alamu amasuka, akuluakulu abwererana, ndipo palibe amene adzadziwe.

Julaye 1964

Amalume anasankha tsiku limene dziko linkalandira ufulu, chifukwa aliyense wapantchito anali pa tchuthi. Ena anawachenjeza kuti anthu anenanso. Iwo anati maliro sadikira mbendera. Kunali kozizira, kamphepo kakutsika kuphiri la Zomba, ndipo ng'oma za chikondwerero zinkamveka kuchokera cha ku misheni. Tinakhala pabwalo pa amayi, akuchimuna mbali iyi, akwawo kwa alamu mbali inayo, sutikesi ili pamphasa pakati. Tinaimba nyimbo imodzi, amalume anapemphera, kenaka anagwada ndi mpeni m'manja.

Anaika chala pamsoko, nayendetsa kuyambira kumutu mpaka kumapeto. Anabwereza. Munthu amene wasoka zaka makumi atatu sanafune kuuzidwa kuti saka limeneli lasokedwa kawiri, kapena kuti chingwe chimenechi chimapezeka kuti. Anakweza maso nandiyang'ana. Anayang'ananso alamu, amene anali atagwada mutu uli pansi, mwana atagwira nsalu yawo. Akanalankhula pamenepo, akwawo kwa alamu akanati katundu wadetsedwa, mwina wabedwako, ndipo nkhani ikanatha miyezi ina. Amalume anadula chingwecho, nachikulunga pachala, nachiika m'thumba la jekete.

Anagawa bwino, osafulumira. Bulangete kwa amayi. Nsalu ya maluwa kwa alamu, ndipo apo akazi onse analira. Buku la nyimbo anati lisungidwire mwana. Atafika pansapato anapeza kapepala kaja. Anawerenga chamumtima. Anakapinda n'kukaika m'thumba momwe munali chingwe, kenaka anaitana mchimwene wawo wa alamu, amene analimira alamuwo munda chaka chonsecho, namupatsa nsapatozo. Anthu anayamika kuti a Likoswe agawa mwanzeru. Ine ndinalandira malaya amodzi.

Anthu akudya, amalume anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Unatsegula wekha kapena ndi iye?"

"Ndi iwo, amalume. Koma iwo sakudziwa. Ndinawauza kuti mwandituma."

"Ndiye unanamiza awiri." Anatulutsa kapepala kaja nandipatsa. "Aka ndi kako, anakulembera ndi mkulu wako. Nsapato ayi. Unazilandira kale tsiku limene unaziona usanaloledwe." Kenaka anafunsa motsitsa mawu, ngati munthu wopempha, "Utangotsegula, munkamveka fungo lake?"

Ndinati eya.

"Lero munalibe," anatero. Anabwerera kubwalo.

Kwa a Namaona sanapite. Ine sindinalimbe mtima kuuza bwana wanga zoona, ndipo Maloweruka angapo a Namaona ankazengereza potseka ofesi, akusuzumira kumsewu, mpaka analeka. Chaka chotsatira anawasamutsira kumpoto, ndipo sanaonanenso ndi amalume. Ulusi unayambanso kufika anthu atazolowera mafomu. Amalume anamwalira akunenabe kuti chitseko chinatsekedwa mopupuluma. A Namaona, m'makalata amene ankandilembera mpaka ukalamba wawo, sanasinthe kuti chinayenera kutsekedwa tsiku lomwelo, ndipo kumapeto kwa kalata iliyonse ankafunsa ngati a Likoswe akusokabe. Mpaka lero sindidziwa amene ankalondola. Chimene ndimadzifunsa ndi china: ndikanapereka mawu awo monga anawalankhulira, ndi minga yake yomwe, kapena ndikanangowauza onse awiri zimene alamu anandifunsa pawindo, mwina mmodzi akanadzuka yekha n'kupita kwa mnzake. Ndinafuna kukondweretsa onse, ndipo ndinawalanda mpata umenewo. Ndikadutsa pa Songani masiku ano, pamene panali shopu ija pali ogulitsa mafoni, koma ndimachedwetsabe mapazi.

Tsiku lija mwambo unatha dzuwa litapendeka. Amayi ndiwo anamasula duku lakuda kumutu kwa alamu ndi manja awo, n'kuwauza kuti, "Pita mwanawe, tilibe nawe mangawa." Ndinawaperekeza mpaka pamtsinje wa Domasi. Anabereka mwana ndi nsalu ya maluwa ija, anawoloka podumpha miyala, ndipo ali kutsidya anatembenuka n'kukuwa kuti, "Alamu, zikomo!" Ndinakweza dzanja. Linali Lolemba, pa 6 Julaye 1964.